Anthu a ku Chambe amayankhula, koma m'mabuku mwathu samveka

Nkhani zambiri zopeka za m'Chichewa zimalephera mayeso amodzi osavuta. Tsekani mayina a ampangankhani ndi chala, muwerenge zoyankhula zawo zokha, kenako mudzifunse: akuyankhulayu ndi ndani, kwawo n'kuti, wakula akudya chiyani? Kawirikawiri yankho silipezeka. Gogo wa kumudzi, kondakitala wa minibasi, namwino ndi mwana wa sitandade 4, onse akatsegula pakamwa amatulutsa Chichewa chimodzimodzi, chosalala ngati cha wowerenga nkhani pa wailesi. Nkhaniyo ikakhala kuti yaikidwa kuno kwathu m'tsinde mwa phiri la Mulanje, vutoli limachita kuonekeratu, chifukwa anthu a ku Chambe, ku Likhubula kapena pa Chitakale sayankhula choncho.

Ganizo langa ndi lakuti vutoli silichokera ku ulesi wa alembi kapena kuchepa kwa luso. Limachokera ku momwe mlembi wa Chichewa amapezera chakudya, ndi kwa munthu amene amayamba kuwerenga zolemba zake zisanafike kwa ife. Ndipo poti ndi vuto la ntchito, likhoza kukonzedwa ndi ntchito.

Zomwe khutu limamva

Munthu akatsika pa Chitakale n'kulowera msewu wa ku Phalombe, wodutsa ku Likhubula ndi m'munsi mwa Chambe, amamva Chichewa cha kummwera, chokhala ndi mizu ya Chimang'anja, chothiridwa Chilhomwe ndi Chiyawo. Maliwu a dz ndi ts nthawi zambiri amafewa: madzi amasanduka mazi, dzulo n'kukhala zulo, tsiku n'kukhala siku. Nthawi yakale ya mneni imayenda ndi -na-, osati -da-. Munthu amati ndinapita; akanena kuti ndidapita, anzake amadziwa kuti akuwerenga kalata kapena akuyankhula pa msonkhano. Agogo ndi anganga. Pa mbale pamakhala nandolo, kalongonda ndi nsima ya makaka. M'mawu a tsiku ndi tsiku muli akapitawo, tikiti ndi ganyu, zotsalira za mibadwo ya anthu othyola tiyi komanso za nthawi ya thangata.

Chichewa chimenechi si cha anthu ochepa. Kalembera wa 1966 anapeza kuti anthu 14.5 pa 100 alionse ankayankhula Chilhomwe pakhomo pawo. Pofika 1998 nambalayi inali itatsika kufika pa 2.4. Koma mu kalembera wa 2018, anthu 18.9 pa 100 alionse ananena kuti mtundu wawo ndi Alhomwe. Ndiye kuti Alhomwe sanachepe ayi, anangosamukira m'Chichewa. Edrinnie Kayambazinthu ndi Alfred Matiki analemba bwino za kusamuka kumeneku. Chomwe ine ndikuonjezera n'chakuti munthu akamasamuka sasiya katundu yense kumbuyo. Anthuwa analowa m'Chichewa atasenza mawu awo achibale, mayina a zakudya ndi kakwezedwe kawo ka mawu. Chomwe amayankhula lero si Chichewa chothyoka cha mlendo, ndi chiyankhulo chomwe anayamwa. Koma mukachifuna m'nkhani zosindikizidwa, mudzatopa ndi kufufuza.

Nthara anali ndi khutu

Kuti timvetse komwe zinasokonekera, tibwerere kwa Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo linapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures, linasindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pansi pa mutu wa Man of Africa. Mpaka lero ana a sekondale amaliwerenga pokonzekera mayeso a MSCE. Nkhani yake tonse tikuidziwa: moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa, mwana wovuta amene amakula ndi kuba, amapita kutali kukafuna ntchito, amabwerera, amalowa ufumu, n'kudzatembenuka mtima.

Otsutsa ambiri amaima pa mathero ake, ndipo sakulakwa: kutembenuka kwa Nthondo kumanunkha guwa la mishoni. Koma mphamvu ya bukuli siili pamenepo. Ili m'malo omwe anthu akukambirana: pa maliro, pa mlandu, pa nkhani za ukwati, pomwe akuluakulu amazungulira mfundo asanaikhudze. Pamenepo mumamva kuti mlembiyu anakhalapo pa bwalo n'kutchera khutu. Nthara sankatsatira buku la malamulo la Chichewa Board, chifukwa bungwelo kunalibe. Ankalemba Chichewa cha anthu a dera lake, chomwe pa nthawiyo chinali kayankhulidwe ka dera limodzi pakati pa makayankhulidwe ambiri a Chinyanja.

Apa ndi pomwe pali phunzo lomwe tinaliphonya. Alembi obwera pambuyo anatengera mawu a Nthara, koma sanatengere khutu lake. Kutsatira Nthara moona si kulemba ngati munthu wa ku Nkhoma wa mu 1933. Ndi kuchita kwa anthu a kwanu zomwe iye anachita kwa anthu a kwawo.

Cholembera chofiira

Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Ziyankhulo zina zinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, yomwe inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ndi nthawi imeneyi pomwe c anasanduka ch, n'chifukwa chake anzathu a ku Chipata amalemba cinthu ife tikulemba chinthu. Muyeso wa Chichewa chabwino unatengedwa ku chigawo chapakati, ndipo zimanenedwa kuti Kamuzu mwiniwake ankati -da- ndiye wolondola, -na- ndi wolakwika. Mu 1996 ntchito ya bungweli inapita ku Centre for Language Studies ya yunivesite ya Malawi ku Zomba, koma chizolowezi cha zaka zoposa makumi awiri sichichoka ndi kusintha kwa chikwangwani pakhomo.

Tsono taonani amene ankalemba nkhani zopeka. Nthara anali mphunzitsi. Ezra Chadza, mlembi wa Kokha Mcheperawakalulu, anali mphunzitsi. Whyghtone Kamthunzi anali mphunzitsi. Willie Zingani, wa Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, ndi mtolankhani. Mlembi wa Chichewa amakhala mphunzitsi kapena mtolankhani masana, n'kukhala mlembi usiku, chifukwa mabuku okha sadyetsa banja. Izi zimanenedwa kawirikawiri ngati dandaulo la umphawi, koma zili ndi mbali ina yokhudza chiyankhulo. Ntchito ziwirizi ndi ntchito zokonza mawu a anthu ena. Dzanja lomwe latha tsiku lonse likudula mazi n'kulemba madzi m'makope 80 a ana, silingafike madzulo n'kulola gogo wa m'nkhani kunena kuti mazi. Limakonza lisanaganize n'komwe.

Msika nawonso umakankhira komweko. Buku la Chichewa limagulidwa mochuluka likasankhidwa kukhala la m'sukulu. Kunja kwa sukulu ogula ndi ochepa, ndipo buku limodzi limayenda m'manja khumi kapena kujambulidwa pa makina a fotokope. Ndiye mlembi, podziwa kapena mosadziwa, amalembera komiti yosankha mabuku. Wowerenga wake woyamba si mayi wogulitsa nanazi pa Chitakale, ndi mkonzi ndi woyesa mayeso. Ngakhale mitu ya mabuku imaonetsa zimenezi: Madzi Akatayika, Ikakuona Litsiro Sikata ya Jolly Max Ntaba, ndi ena otero, ndi miyambi yodulidwa pakati, yolonjeza phunzo mwana asanatsegule tsamba loyamba. Sindikunyoza mabuku amenewa. Ndi omwe anatiphunzitsa kukonda kuwerenga. Koma buku lolembedwa kuti likhale chitsanzo cha Chichewa chabwino limavutika kulola wakuba kuyankhula ngati wakuba. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, monga Tikambe ndi Tamvani, apereka malo kwa alembi ambiri a nkhani zazifupi, koma kumenekonso malo ndi ochepa ndipo mkonzi ali ndi muyeso umodzi wa tsamba lonse.

Sapitwa analowa m'mabuku kudzera m'Chingerezi

Mlembi wodziwika wa nkhani zopeka amene ali pafupi kwambiri ndi dera lathu ndi Ken Lipenga wa ku Phalombe, boma lomwe linali mbali ya Mulanje mpaka 1998. Moyo wake wa ntchito ukutsatira njira yomwe ndanena ija: anaphunzitsa ku Chancellor College, anakhala mkonzi wa nyuzipepala, kenako phungu ndi nduna ya boma. Buku lake la nkhani zazifupi, Waiting for a Turn, linatuluka mu 1981 kwa Popular Publications ku Limbe. M'nkhani yomwe inapatsa bukuli mutu, munthu wotopa ndi moyo amakwera ku Sapitwa kuti akadziponye, koma amakapeza mzere wautali wa anthu ena obwerera zomwezo, ndipo ayenera kudikira nthawi yake.

Nkhaniyi ndi yakuthwa, ndipo kuthwa kwake kwagona pa dzina la malo. Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndi dzina lomwe khutu la kuno limamva ngati chenjezo: kumeneko sikupitidwa. Tsono malo osapitidwa adzaza anthu mpaka kuima pa mzere ngati kuchipatala kapena kumsika wa ADMARC. Wowerenga wa ku London ayenera kuuzidwa tanthauzo la dzinali kuti aseke. Mwana wa ku Chambe safunika kuuzidwa. Nthabwala yaikulu ya nkhaniyi ndi ya m'chiyankhulo chathu, koma nkhaniyo ili m'Chingerezi.

Mlembi aliyense wa m'badwo umenewo wochokera kuno anali ndi makomo awiri okha: Chingerezi, kapena Chichewa cha bungwe. Chilhomwe chinalibe wosindikiza, ndipo Chichewa cha pakhomo chinkaonedwa ngati cholakwika. M'Chingerezi, mlembi amatha kubisa vuto lonse, chifukwa wowerenga amavomereza kuti zoyankhula zonse ndi zomasulira ndipo safunsa kuti mpangankhani ananena zulo kapena dzulo. Zotsatira zake n'zakuti phiri lathu lili m'mabuku, mizimu yake ili m'mabuku, mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe a dziko lonse, koma mawu a anthu okhala m'tsinde mwake sanalembedwebe mokwanira.

Zingaoneke bwanji pa tsamba?

Kudandaula n'kosavuta, choncho ndipereke chitsanzo changa chomwe. Mnyamata amanyamula katundu wa alendo okwera phiri kuchokera ku Likhubula kupita kukanyumba kogona alendo ka pa Chambe. Wabwera kunyumba, ndipo agogo ake akufuna ndalama. M'kalembedwe komwe tinazolowera zimayenda chonchi:

"Mdzukulu wanga, kodi ndalama zimene udalandira dzulo utanyamula katundu wa alendo zili kuti? Kumbukira kuti wakutsina khutu ndi mnansi."

"Pepani agogo, ndidalakwa kwambiri. Sindidzabwerezanso mchitidwe woterewu."

Palibe cholakwika pa malamulo apa. Woyesa mayeso apereka malikisi onse. Koma palibenso munthu. Gogoyu akufotokozera mdzukulu wake zinthu zomwe onse awiri akuzidziwa kale, ndipo mwambiwo wabwera kudzakongoletsa, sukugwira ntchito iliyonse. Tsono tayesani izi:

"Za zulo zija zili kuti?"

"Ziti anganga?"

"Iii. Wakwera phiri ndi chikwama cha azungu, watsika chimanjamanja? Makaka atha m'nyumba muno, ukuziwa?"

"Anatipasa theka anganga. Yotsalayo akuti Loweruka."

"Loweruka. Mimba imaziwa Loweruka?"

Werengani mawu omwe ndasintha kalembedwe kake: zulo, ukuziwa, anatipasa, imaziwa. Anayi basi. Watsika ndi yotsalayo ndawasiya monga amalembedwera, ndipo khutu la wowerenga limamaliza lokha. Ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi zinthu zina. Ziganizo ndi zazifupi chifukwa anthu okhala nyumba imodzi satchula zonse. Mnyamatayo akuyankha funso ndi funso pofuna kupeza nthawi. Akubwereza anganga kawiri, ulemu womwe ukugwiranso ntchito ngati chishango. Makaka atiuza dera popanda wosimba nkhani kutchula Mulanje. Gogoyo sanatenge mwambi wa m'buku, wapanga wake pomwepo, monga amachitira anthu enieni. Ndipo chofunika koposa, sitikudziwa ngati mnyamatayo akunena zoona. M'chitsanzo choyamba nkhani yatha isanayambe. M'chachiwiri tikufuna kudziwa zomwe zichitike Loweruka.

Apa ndi pomwe kayankhulidwe kamasiya kukhala nkhani ya akatswiri a ziyankhulo okha. Munthu akamayankhula Chichewa cha mayeso m'nkhani, amanena zomwe akutanthauza ndendende, chifukwa Chichewa chimenecho chinakonzedwa kuti chizimveka mosasokoneza. Koma nkhani yopeka imakhalira pa zomwe anthu akubisa. Kuzemba, kunyoza mwaulemu, kupempha mosapempha, zonsezi zimachitika m'chiyankhulo cha pakhomo.

Zomwe otsutsa anganene

Wina ati: kodi si bwino kuti mwana wa ku Karonga ndi wa ku Nsanje awerenge buku limodzi n'kumvana? Eya, ndi bwino, ndipo kalembedwe kogwirizana katithandiza kwambiri. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 sakanatheka popanda iko. Sindikupempha kuti aliyense azilemba mmene wafunira. Wosimba nkhani akhoza kukhala m'Chichewa chovomerezeka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chomwe ndikupempha ndi ufulu wa mkati mwa zizindikiro za mawu oyankhulidwa. Mphunzitsi wabwino akhoza kugwiritsa ntchito kusiyanako pophunzitsa: apa ndi momwe timalembera, apa ndi momwe anganga amayankhulira, ndipo zonse ziwiri zili ndi malo ake. Mwana wa ku Karonga amene amamva nyimbo za ku Ndirande ndi ku Lusaka tsiku lililonse sangasokere chifukwa cha zulo.

Chitsutso chachiwiri ndi cholemera kuposa choyamba. M'masewero ambiri a pa wailesi ndi pa kanema, munthu woyankhula ndi kamvekedwe ka Chilhomwe, Chiyawo kapena Chisena amakhala woseketsa, mlonda kapena wantchito wa m'nyumba, pomwe dokotala ndi bwana amayankhula Chichewa choyera. Anthu a kuno akudziwa bwino kuwawa kwa kusekedwa chifukwa cha lilime. Ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe makolo ambiri anasiyira kuphunzitsa ana awo Chilhomwe. Ndiye mlembi akapotoza liwu lililonse la mpangankhani, wowerenga amayamba kumuyang'anira pansi m'malo momumvera. Vutoli si lathu lokha. Zora Neale Hurston atatulutsa Their Eyes Were Watching God mu 1937, momwe anthu akuda a ku Florida ankayankhula monga amayankhulira, Richard Wright anamudzudzula kuti akusangalatsa azungu ndi anthu a mtundu wake. Lero bukuli limalemekezedwa chifukwa cha mawu omwewo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: Hurston anapatsa kayankhulidwe kameneko kwa anthu oganiza mozama, okonda ndi olira, osati kwa oseketsa okha.

Pamenepo ndi pomwe pali muyeso. Funso si lakuti kayankhulidwe ka dera kalowe m'buku kapena ayi, koma kuti kapatsidwa kwa ndani. Ngati amene amati mazi ndi chidakwa cha m'mudzi chokha, mlembi wanyoza. Ngati amene amati mazi ndi mwininkhani, mayi amene akuganiza zogulitsa munda kuti mwana apite kusukulu, kapena namwino wobadwira ku Chambe amene amasintha kayankhulidwe akalowa mu ofesi ya dokotala n'kubwerera ku kake akatuluka, mlembi wanena zoona. Kusintha kumeneko, komwe tonse ophunzira timachita kangapo pa tsiku, ndi chuma chomwe alembi athu sanachikumbe. Mpangankhani amene amati ndidapita kwa apolisi, ndinapita kwa mkazi wake, watiuza za mantha ake popanda wosimba nkhani kuonjezera liwu.

Anzathu a ku Zimbabwe anayenda kale njira imeneyi. Chishona chawo cholembedwa chinakonzedwanso ndi akatswiri potsatira lipoti la Clement Doke la mu 1931, ndipo kwa zaka zambiri mabuku awo ankalembedwera sukulu. Koma Ignatius Mabasa atalemba Mapenzi mu 1999, analowetsamo Chishona cha m'misewu ndi m'minibasi za ku Harare, ndipo bukulo linalandiridwa ngati limodzi mwa mabuku amphamvu a m'chiyankhulocho. Chishona sichinafe. Chinapeza owerenga achinyamata.

Ntchito yomwe ilipo

Kwa alembi, makamaka achinyamata omwe akulemba pa Facebook ndi pa WhatsApp popanda mkonzi, khomo ndi lotseguka kuposa kale. Chodabwitsa n'chakuti ambiri a iwo amalemba mauthenga kwa anzawo m'Chichewa chamoyo, koma akangoti ndikulemba nkhani, amavala jekete n'kuyamba adali, adapita, adalingalira. Jeketeyo si yoipa, koma si aliyense m'nkhani ayenera kuivala.

Kwa ife ophunzira za ziyankhulo, mbali yathu ndi yoonekeratu. Mlembi amene akufuna kulemba gogo wa ku Chambe molondola alibe poyambira kupatula kukumbukira kwake. Tili ndi malamulo a momwe Chichewa chiyenera kulembedwera, koma zolemba zofotokoza momwe chimayankhulidwira ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe n'zochepa. Foni iliyonse ili ndi chojambulira mawu. Kupempha chilolezo kwa anganga, kujambula ola limodzi la macheza, n'kulilemba ndendende osakonza kanthu, ndi ntchito ya masiku atatu. Amene angayese adzaona yekha kuti chovuta kwambiri si kumva mawuwo, koma kuletsa dzanja kuonjezera d pa zulo.